Kusiyanitsa Mapulaneti, Nyenyezi ndi Masetilaiti Usiku

Mwafunsa zinthu ziwiri, akulu. Choyamba n'chokhudza chinthu chowala kwambiri chimene mumachiona mbali ya kumadzulo dzuwa likangolowa, chomwe sichiphethira ngati nyenyezi zina. Chachiwiri n'chokhudza kuwala kumene kunayenda mwakachetechete kumwamba kenaka n'kuzimirira kusanafike kuchizimezime. Pa zonse ziwirizi chimene chimathandiza kwambiri ndi kayendedwe ka chinthucho, chifukwa kuwala pakokha kumasocheretsa ngakhale anthu ozolowera kuyang'ana kuthambo.

Chowala cha kumadzulocho nthawi zambiri chimakhala Venus. Pulaneti imeneyi ndi yokutidwa ndi mitambo yochindikala imene imabweza kuwala kwambiri kwa dzuwa, ndipo kupatula dzuwa ndi mwezi palibe chinthu chachilengedwe chimene chimaiposa kuwala masiku onse. Popeza njira yake yozungulira dzuwa ili mkati mwa njira ya dziko lathu, Venus satalikirana ndi dzuwa kupitirira madigiri pafupifupi 47. Mukatambasula mkono wanu wonse n'kufumbata chibakera, chibakeracho chimaphimba madigiri pafupifupi 10 a thambo, choncho Venus safika zibakera zisanu kuchokera padzuwa. N'chifukwa chake simudzamuona ali pamwamba pa mutu pakati pa usiku. Amaoneka madzulo kwa miyezi ingapo, kenaka amabisika m'kuwala kwa dzuwa, n'kudzatulukira kum'mawa m'bandakucha ali Nthanda, ndipo ulendo wonsewu umabwerezeka patapita masiku pafupifupi 584.

Ngati chinthu chowala mosaphethira chili pamwamba usiku utakhwima, ganizirani za Jupiter. Iye ndi woyera mopita kuchikasu, ndipo amatenga zaka pafupifupi 12 kuti azungulire dzuwa, motero amakhala pakati pa nyenyezi zomwezomwezo kwa miyezi yambiri. Amene muli ndi mabinoculars, atsamiritseni pakhoma kuti manja asanjenjemere ndipo mudzaona timadontho tating'ono tandandalika pambali pake. Imeneyo ndi miyezi yake inayi ikuluikulu, Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, imene Galileo, katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, anaiona mu 1610. Mukayang'ananso mawa lake mudzapeza yasintha malo, ndipo kwa ine umenewu ndi umboni wosakayikitsa kuposa wina uliwonse wakuti ndi Jupiter. Mars ndi wofiirira, koma kuwala kwake kumasinthasintha kwambiri: amawala mwamphamvu akayandikira dziko lathu, zimene zimachitika pafupifupi miyezi 26 iliyonse, ndipo nthawi zina amangooneka ngati nyenyezi wamba. Ambiri amamusokoneza ndi nyenyezi yofiira yotchedwa Antares. Saturn ndi wachikasu chosawala kwambiri, ndipo mikombero yake siioneka popanda telesikopu. Mercury ndi wovuta, chifukwa amangooneka kanthawi kochepa m'munsi mwenimweni, dzuwa litangolowa kapena lili pafupi kutuluka.

Nkhani ya kuphethira ili ndi chifukwa chake. Nyenyezi zili kutali kwambiri mwakuti kuwala kwake kumatifika ngati kadontho kamodzi, ndipo mpweya wa mumlengalenga, umene sukhazikika, umakagwedeza mosavuta. Pulaneti ili pafupi, choncho ngakhale maso sazindikira, imaoneka ngati kambale kakang'ono, ndipo kugwedezeka kwa mbali zake zosiyanasiyana kumafafanizana. Komabe lamuloli musalidalire lokha, pakuti pulaneti ikatsika kuchizimezime nayonso imatha kuphethira. Onjezani mayeso awiri. Mapulaneti onse amayenda pafupi ndi njira imene dzuwa ndi mwezi zimadutsa, ndiye chowala chimene chili kutali ndi njirayo, monga nyenyezi ya Sirius imene imathwanima mitundumitundu, yomwe mumaipeza mukatsata mzere wa nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana, si pulaneti. Ndipo mukalemba papepala malo ake poyerekeza ndi nyenyezi zoyandikana nazo, pakapita milungu ingapo pulaneti imakhala itasuntha, pomwe nyenyezi zimasunga ndondomeko yake.

Kuwala kumene kunayenda n'kuzimirira kuja kunali setilaiti, chipangizo chopangidwa ndi anthu chimene chimazungulira dziko, malinga ndi mmene mwafotokozera. Ndege imakhala ndi nyali zophethira, zofiira, zobiriwira ndi zoyera, ndipo kawirikawiri phokoso limatsatira. Nyenyezi yothothoka imang'anima kwa sekondi imodzi kapena ziwiri basi. Setilaiti imayenda mofatsa pa liwiro losasintha kwa mphindi zingapo, ndipo ilibe nyali imene tingaione. Timangoona kuwala kwa dzuwa kumene ikubweza. Ndicho chifukwa chake masetilaiti amaoneka bwino m'maola awiri kapena atatu dzuwa litalowa, kapena lisanatuluke, pamene pansi pali mdima koma kumwambako dzuwa likadawomba. Ikalowa mu mthunzi wa dziko imazilala m'masekondi ochepa, ndipo izi n'zimene munaona.

Ngati inali yowala kofanana ndi Jupiter kapena Venus, mwina inali International Space Station, setilaiti yaikulu imene akatswiri amakhalamo n'kumachita kafukufuku, imene gawo lake loyamba linatumizidwa mu 1998 ndipo mwakhala muli anthu mosalekeza kuyambira mu November 2000. Imauluka pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, n'kumazungulira dziko m'mphindi zoposa pang'ono 90. Imachokera chakumadzulo kulowera chakum'mawa, ndipo ikadutsa pamwamba penipeni imaoneka kwa mphindi pafupifupi 5 kapena 6. Dziko la China nalonso lili ndi yake, Tiangong, imene linayamba kumanga mu 2021, koma siwala kufika pamenepo. Mukadzaona timadontho tambiri tikuyenda motsogozana ngati mkanda, musadabwe: ndi masetilaiti a Starlink a kampani ya SpaceX, amene anayamba kutumizidwa m'magulu mu 2019 ndipo amaoneka choncho kwa masiku ochepa asanabalalike. Masetilaiti ambiri otumiza mawayilesi a kanema, aja madishi amalozako, simungawaone ndi maso, chifukwa ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 35,786 ndipo amazungulira dziko kamodzi pa nthawi imene dziko nalonso limatembenuka kamodzi, motero amakhala ngati aima malo amodzi.

Mapulogalamu a pafoni monga Stellarium ndi Heavens-Above amathandiza, koma ndikulangizani kuti muyambe mwaganiza nokha kenaka mutsimikize ndi foni, chifukwa kampasi ya foni imaphonya kawirikawiri ndipo ikhoza kukulozerani chinthu cholakwika. Mukadzaonanso kuwala koyenda, lembani nthawi yeniyeni mpaka mphindi yake, mbali imene kwachokera, imene kwalowera, ndi pamene kwazimirira. Ndi zinayi zimenezi Heavens-Above imatha kukusonyezani setilaiti imene inadutsa, bola mwailembera molondola malo amene munaima.