Crapemyrtle wanga ali gwa, ndimuzule?

FUNSO: Ndinadzala mtengo wa maluwa wotchedwa crapemyrtle pakhomo, koma kuno kumazizira kwambiri. Chisanu chatha, mitengo ina yonse yaphuka, uwu uli gwa, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Chaka chatha unangochita timaluwa towerengeka. Kodi ndingouzula? — Mayi wokonda maluwa

YANKHO: Mayi, khasulo liikeni kaye pansi. Mtengo umenewu umachedwa kudzuka, sutulutsa masamba nthaka isanafunde. Palani khungwa la kanthambi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mobiriwira ndi monyowa, uli moyo. Mukakhala mouma, tsikani mukupalapala mpaka mufike pobiriwira, ndiye mudule pamenepo. Nthambi zimatha kufa kukazizira kufika cha m'ma digiri 18 pansi pa ziro, komabe mizu kawirikawiri imapulumuka n'kuphukira pachitsa. Popeza maluwa ake amabwera pa mphukira zatsopano, mutha kuwaona chaka chomwecho.

Za kuchepa kwa maluwa, ine ndikukayikira mthunzi osati chisanu. Crapemyrtle amafuna dzuwa maola osachepera 6 patsiku, ndiponso kutentha kwenikweni. Kumalo kozizira, malo abwino ndi pafupi ndi khoma la njerwa lomwe limawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse: limasunga kutentha, n'kumakutulutsa usiku, komanso limatchinga mphepo. Ngati wanu uli pansi pa mitengo ikuluikulu, usamutseni usanaphuke.

Chimene chimandiwawa n'kuona anthu akuthira feteleza wambiri kapena kutengulira chisanu chili pafupi. Mtengo umatulutsa mphukira zanthete, chisanu chikafika zonse zimawauka. Feteleza thirani pang'ono pomwe ukuyamba kuphuka basi. Nyengo yozizira isanafike phimbirani mizu ndi masamba ouma, koma asakhudze tsinde.

Ukapezeka kuti wafadi, musangogula uliwonse. Mtundu wa crapemyrtle wotchedwa Lagerstroemia indica, wochokera ku China, amagwidwa msanga ndi nthenda ija yoyeretsa masamba ngati awazidwa ufa. Mu 1956 katswiri wa zomera John Creech anatenga mbewu za mtundu wina, Lagerstroemia fauriei, pachilumba cha Yakushima ku Japan, ndipo Donald Egolf wa ku US National Arboretum, munda wa kafukufuku wa mitengo ku America, anakwatitsa mitundu iwiriyi. Kuchokera apo kunabadwa mitundu yatsopano monga Natchez, Acoma, Hopi ndi ina, yomwe imalimbako ku chisanu ndi ku nthendayo. Pakhomo pang'ono ndingasankhe Hopi, wa maluwa apinki, chifukwa satalika kwambiri. Mudzale chisanu chitangotha, kuti mizu igwire nthaka china chisanabwere.