Khansa ya m'mabasiketi a mazira yabwereranji atamaliza kemo?

FUNSO: Zikomo adokotala. Mayi anga, a zaka 58, anawapeza ndi khansa ya m'mabasiketi a mazira. Anawachita opaleshoni, analandira kemo maulendo 6, ndipo sikani inaonetsa kuti chotupa chatha. Pangotha miyezi 10, mimba yayambanso kutupa. Kodi mankhwala aja sanagwire ntchito? Ndine mwana wawo, ku Chilobwe.

YANKHO: Pepani kwambiri ndi matendawa. Mankhwala anagwira ntchito, n'chifukwa chake chotupa chinatha. Koma khansa imeneyi ikapezeka itafalikira kale, imabwereranso mwa amayi ambiri, ndipo sikuti inu kapena mayi munalakwitsa penapake.

Amene analimako munda wa kapinga amadziwa: upalire bwanji, kamuzu kotsala pansi kamaphuka ndi mvula yoyamba. M'chotupa mulinso maselo ochepa otero, amene madokotala amawatchula kuti cancer stem cells. Ndiwo mbewu ya chotupa. Kemo wogwiritsidwa ntchito kawirikawiri, carboplatin ndi paclitaxel, woperekedwa pa diripi masabata atatu alionse, amapha kwambiri maselo amene akugawikana mofulumira. Maselo ambewuwa nthawi zambiri amakhala phee ngati agona, mankhwala n'kuwadutsa. Ena ali ndi timapampu pakhungu lawo, monga P-glycoprotein, tolavula paclitaxel asanawononge kanthu.

Nanga amadzuka bwanji? Selo silichita kanthu popanda kuuzidwa. Uthenga umafika pakhungu lake, mapuloteni n'kumapatsirana mpaka kukafika ku phata la selo kumene kuli DNA. Njira ina ya uthenga imatchedwa Wnt. M'selo labwino, puloteni ya beta-catenin imaphwanyidwa ikangopangidwa. Uthenga wa Wnt ukafika, kuphwanyako kumaima, beta-catenin amachuluka, amalowa m'phata n'kulamula selo kuti libereke linzake lofanana nalo. M'khansa, lamuloli limangolira osaleka, ngati wailesi yoiwalika usiku. Njira ya Notch imayamba maselo awiri akakhudzana: puloteni yotchedwa gamma-secretase imadula kachidutswa ka Notch, kachidutswako n'kupita nawo uthenga ku phata. Palinso njira zina za uthenga, Hedgehog ndi PI3K/AKT.

Madzi amene akutupitsa mimba ya mayiwo nawonso ali ndi mbali. Muli puloteni yambiri yotchedwa IL-6, imene imadzutsa puloteni ya STAT3 yothandiza maselo kupirira kemo. Maselowo amayandama m'madzimo ali timagulutimagulu, n'kukamera pa matumbo ndi pa nsalu ya mafuta yophimba matumbo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangodula mauthengawo. Akatswiri ayesa. Vuto n'lakuti matumbo, khungu ndi mafuta a m'mafupa zimadaliranso njira zomwezi. Mankhwala otseka gamma-secretase, mwachitsanzo, amatsegulitsa m'mimba kwambiri. Komanso ukatseka njira imodzi, selo limazembera ina. Vismodegib, wotseka Hedgehog, atayesedwa pa khansa imeneyi sanaonetse phindu lokwanira. Choncho wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala ozula mizu ya khansa, musamupatse ndalama zanu.

Nambala ya miyezi imene mwatchulayo ndi yofunika zedi. Khansa ikabwerera pasanathe miyezi 6 chilandirireni kemo womaliza, carboplatin sathandizanso kwenikweni. Ikabwerera patadutsa miyezi 6, monga zilili kwa mayi, kawirikawiri amamvanso mankhwalawa ndipo matenda amagonja kwa nthawi ina, ngakhale kuchiriratu kumavuta. Pitani nawo msanga kumene ankalandirira kemo, mutatenga buku lawo la kuchipatala ndi tsiku la diripi yomaliza. Adzayeza CA-125, puloteni imene kawirikawiri imakwera ndi khansayi, m'magazi (mlingo wabwino supitirira 35), adzaona impso ndi kuchuluka kwa magazi, n'kujambulanso m'mimba. Madzi akamawabanikitsa, amapopedwa ndi singano. Za ululu, ku Queens kuli kiliniki ya Tiyanjane. Akayamba kusanza kosalekeza ndi kulephera kuchita chimbudzi kapena kutulutsa mpweya, musadikire tsiku la kiliniki. Matumbo akhoza kukhala atatsekeka.

FUNSO: Ndinayezetsa VIA ku Ndirande, anati ndili bwino. Ndiye kuti khansa iyi ndilibe?

YANKHO: Ayi mayi. VIA amaona khomo la chiberekero lokha, mabasiketi a mazira sawafikira. Mimba ikamatupa, mukamakhuta msanga kapena kukodza pafupipafupi kwa masabata angapo, pemphani sikani, ndipo muwauze adokotala ngati mayi anu kapena mchemwali wanu anadwalapo khansa imeneyi kapena ya m'mawere.