Tsiku mwalengeza kale, koma wodzazimitsa ndani?

Achimwene, mwati apu ituluka pa 1, a marketing alipira kale malonda a pa wailesi, a support sanaione n'komwe, a payments akungoti "tatsala pang'ono". Mukufunsa mmene matimu atatuwa ndi madivelopa angayendere limodzi, ndipo ena akuti tsegulani Trello, ena akuti Jira, mapulogalamu ondandalika ntchito pa bolodi. Ayi ndithu. Bolodi lidzangokuonetsani mwadongosolo mmene mukuchedwera. Funsani matimu anayiwo, aliyense payekha, kuti zinthu zikadzathina 10 koloko m'mawa wa pa 1, ndani adzanene kuti "zimitsani" n'kumveredwa osayamba waimbira bwana. Mupeza mayankho anayi osiyana.

Zimene zimachitika wozimitsa akasowa zili mu nkhani ya Knight Capital, imene ambiri amangoimva kumapeto kwake. Inali kampani ya ku Jersey City ku America yogula ndi kugulitsa masheya. Msika wa New York Stock Exchange unabweretsa ndondomeko yatsopano, Retail Liquidity Program, yoyamba pa 1 Ogasiti 2012, ndiye tsiku linachokera kunja, iwo n'kumalithamangira. Mu SMARS, pulogalamu yawo yotumiza ma order ogula kapena kugulitsa masheya, munali code yakale yotchedwa Power Peg imene anaisiya mu 2003 koma osaichotsa. Mu 2005 anasamutsa kagawo kowerengera masheya amene agulidwa kale, ndipo Power Peg sanaiyesenso poti inali yakufa. Mu 2012 olemba code yatsopano anatenga flag (kachizindikiro koyatsa kapena kuzimitsa gawo la pulogalamu) yomwe inkadzutsa Power Peg ija n'kuipatsa ntchito ina. Kuyambira pa 27 Julayi anayamba kuika code yatsopanoyo pa maseva awo 8, masiku angapo motsatizana. Wokopera anadumpha seva imodzi. Panalibe wachiwiri womuonera, panalibenso lamulo lolembedwa loti pazikhala wachiwiri.

M'mawa wa pa 1, kuyambira cha m'ma 8:01, makina anayamba kutumiza maimelo otchula Power Peg kwa gulu la antchito. Anakwana 97 msika usanatsegulidwe 9:30. Pafupifupi ola ndi theka chenjezo lili m'manja mwa anthu, koma maimelo amtunduwo sanawapange kuti akhale alamu, ndiye nthawi zambiri sankawerengedwa. Msika utatsegulidwa, maseva 7 ankagwira bwinobwino. Yodumphidwa ija ikalandira flag inkadzutsa Power Peg, ndipo poti kowerengera kaja kanasamuka, sinkadziwa kuti order yakwana. Inkangotumizabe, kutumizabe. Ma order 212 okha anabala malonda oposa 4 miliyoni, pa mitundu 154 ya masheya, masheya onse pamodzi oposa 397 miliyoni, m'mphindi pafupifupi 45. Anthu ali kalikiliki kufufuza, makina akugulabe. Ndiye pamene pamandiwawa mtima ndi apa: pofuna kukonza, anachotsa code yatsopano pa maseva 7 abwinobwino aja. Flag inali ikubwerabe. Nawonso anayamba kudzutsa Power Peg, moto n'kukula. Kampani inalengeza kuti yataya madola pafupifupi 440 miliyoni, bungwe la boma la America loyang'anira misika ya masheya la SEC linadzati oposa 460 miliyoni, n'kuwalipitsanso chindapusa cha madola 12 miliyoni mu Okutobala 2013. Pofika nthawi imeneyo Knight inali itaphatikizidwa kale ndi kampani ina ya masheya yotchedwa Getco.

Anthu amaloza chala wodumpha sevayo. Ine mkwiyo wanga uli pa akuluakulu amene amasankha tsiku ali mu boardroom, kusindikiza ma T-shirt, kubuka hotelo, kuitana atolankhani, kenako Lolemba n'kutsika kudzafunsa madivelopa kuti "ndiye zitheka eti?" Ukati pakufunika masabata awiri oyesera, akuti ulibe mtima wa timu. Tsikulo likafika OTP (nambala yachinsinsi yobwera pa SMS ija) osabwera, ndalama yachoka pa foni ya kasitomala koma mu apu osaoneka, iwo foni zawo sizikupezeka, ali pa siteji akudula riboni. Otukwanidwa ndi achinyamata a ku call centre amene apuyo akuimva koyamba kuchokera kwa kasitomala wolusa. Madzulo ake m'gulu la kuntchito mumalowa uthenga woti "a IT atigwiritsa mwala". A IT ake ati, amene munawauza tsiku pamodzi ndi atolankhani?

Chabwino, poti mwalengeza kale, werengani chobwerera kuchokera pa 1, ndipo yambani ndi zimene sizili m'manja mwanu. Ngati akaunti yanu ya Play Console, yotulutsira apu pa Google Play, ndi ya munthu payekha ndipo inatsegulidwa pambuyo pa 13 Novembala 2023, Google sakulolani kutulutsa apu kwa anthu onse musanachite closed testing (kuyesa apu pa gulu losankhidwa lokha) ndi anthu osachepera 12 kwa masiku 14 otsatizana. Awo ndi masabata awiri apita, review (kuunika kwa a Google) isanayambe, ndipo review ya apu yatsopano imatha kudya masiku angapo. Apu ikakhala kale pa closed testing yatsani managed publishing kuti ikavomerezedwa idikire inu. Kwa Apple sankhani manual release, kuti ikavomerezedwa muitulutse nokha. Musadalire staged rollout, yotulutsa apu kwa anthu ochepa kaye, imeneyo imagwira pa update, osati potulutsa koyamba. Dziwaninso kuti apu ikalowa pa foni ya munthu simungaibweze, mumayenera kutumiza ina ya nambala ya version (versionCode) yokwera n'kudikiranso review. N'chifukwa chake chilichonse choopsa, makamaka kulipira, chikhale ndi switch yake ku seva, ndipo apu izifunsa seva kuti version yotsikitsitsa yololedwa ndi iti. Flag iliyonse ipatseni dzina latsopano. Osabwereka lakale.

Za payments musamvere zoti "pa sandbox zikuyenda". Kaya ndi Airtel Money, Mpamba kapena banki, makiyi a sandbox (malo oyesera opanda ndalama zenizeni) ndi a live ndi osiyana, ndipo nthawi zambiri pamafunika kuti IP ya seva yanu ya live ilembetsedwe mbali yawo, zomwe zimadutsa m'manja mwa anthu ndipo sizichitika Loweruka usiku. Masiku atatu tsikulo lisanafike, munthu atenge foni yake alipire K500 yeniyeni, aone kuti yalowa, kenako muibweze, wa finance aipeze pa statement. Muyese callback (uthenga wawo wouza seva yanu kuti munthu walipira) ikabwera kawiri, chifukwa idzabwera kawiri: nambala ya transaction ikhale unique mu database, apo ayi munthu alipira kamodzi n'kulandira kawiri. Muyesenso kasitomala akalemba PIN mochedwa kapena netiweki ikaduka pakati, kuti transaction imakhala pending mpaka liti ndipo amaitseka ndani. Pa 1 anthu angolandira kumene malipiro, mizere ya mobile money imakhala yodzaza, ndiye timeout yanu ya masekondi 10 ija iganizireninso. SMS za OTP nazo muone kuti mwatsala ndi zingati, zimatha mwakachetechete.

Code itsekedwe masiku asanu pasadakhale, cholowa pambuyo pake chikhale chokonza cholakwika chachikulu basi, chosainidwa ndi anthu awiri. Mu database onjezani ma column atsopano koma akale musawachotse sabata imeneyo, kuti code yakale izithabe kugwira. Backup yosayesedwa musaiwerengere: ibwezereni pa seva ina mutaika wotchi, mudziwe ngati ndi mphindi 20 kapena maola atatu. Ngati mukusintha DNS (yolozera dzina la webusayiti ku seva yanu), tsitsani TTL (nthawi imene makina amasunga adiresi yakale) ifike masekondi 300 masiku awiri pasadakhale. Seva iliyonse ikhale ndi njira yonenera version imene ikuyendetsa, ndipo mukamaliza deploy (kuika code yatsopano pa maseva) munthu wina, osati amene anachita deploy, awerenge mokweza imodziimodzi. Zimaoneka zachibwana koma zimatenga mphindi ziwiri.

Tsopano pepala limodzi lokha la onse, osati timu iliyonse lake. Mzere uliwonse ukhale ndi ntchito, ola, dzina la munthu mmodzi ndi nambala yake, komanso umboni woti zatheka. Mukalemba kuti "Marketing" kapena "Backend" m'malo mwa dzina, dziwani kuti mzerewo ulibe mwini. A support apatsidwe apu sabata yathunthu pasadakhale pa mafoni otchipa ngati a makasitomala, osati pa iPhone ya bwana, alembe okha mafunso khumi amene akuona kuti adzafunsidwa, madivelopa ayankhe m'Chichewa chomveka. Dzulo lake pa 1 mukhale pansi mphindi 30, aliyense anene inde kapena ayi. "Tiyesetsa" muziiwerenga ngati ayi. Pa tsikulo a marketing asatumize SMS kapena kuika post mpaka wotsogolera atanena, mwina patatha maola awiri apu ili moyo, ndipo azitumiza m'magulu, osati anthu onse nthawi imodzi. Alamu ikhale yoliza foni ya munthu wodziwika, ya imelo ija mwaona mmene inathera. Malire ake mugwirizane lero mitu ili yozizira, mwachitsanzo malipiro oposa 5 pa 100 aliwonse akulephera kwa mphindi 10, switch izimitsidwe popanda msonkhano. Wozimitsayo akhale ndi laputopu yodzaza, bandulo ya netiweki ziwiri ndi womulowa m'malo, magetsi sadziwa kuti muli ndi launch.

Rollback (kubwerera ku code yakale) muikonzebe, ndikudziwa kuti ndangonena kumene kuti ndi imene inawonjezera moto kwa a Knight. Ilembeni sitepe ndi sitepe, muiyese pa staging (seva yoyeserera) pamodzi ndi ma flag ake, chifukwa kubweza code flag ili chiyakire ndi kumene kunawapweteka. Ndipo muyambe mwatseka khomo kuti ma request asiye kulowa, kufufuza ndi kubweza zibwere pambuyo. Tsamba loti "tikukonza, bwerani nthawi ya 2 koloko" likhale lokonzeka, mawu ake a marketing awavomereze sabata ino.

Tsikulo musalisunthe. Inde, ndawanyoza olisankha, koma mukalisuntha kamodzi aliyense amadziwa kuti limasunthika, ndipo a payments aja adzakhala "atatsala pang'ono" mpaka Khirisimasi. Dulani katundu m'malo mwake. Mawa m'mawa itanani matimu onse, lembani zimene apu imachita, chilichonse chimene sichinayesedwe ndi ndalama yeniyeni kapena foni yeniyeni chizimitsidwe pa switch, ndipo a marketing achichotse m'malonda a pa wailesi asanayambe kuulutsidwa. Ngati chosayesedwacho ndi kulipira kwenikweniko, tulutsani apu ya kulembetsa kokha pa 1, kulipira mudzatsegule a finance akaona K500 ija pa statement.