Mwana wanga akufuna kuchiza ubongo osang'amba mutu, ayambire pati?

Funso lino lachokera kwa mayi wina, ndipo mwana wawo wamkazi anawonjezerapo ake mawu pansi pake. Mayiwo akuti mtsikanayo ali m'chaka chomaliza ku sekondale, biology ndi masamu amazikhoza bwino, ndipo chigwereni agogo ake ndi sitiroko sakukambanso china koma zofuna kukhala dokotala amene amachiza ubongo osang'amba mutu. Mayi akufunsa ngati ntchito yotereyi ilikodi komanso kuti itenga zaka zingati. Mtsikanayo naye akuti poti mabala ake amakhala ang'onoang'ono, mwina nawo maphunziro ake ndi aafupi kusiyana ndi a dokotala wa opaleshoni wamba.

Mayi, ntchitoyi ilikodi, ndipo mwana wanuyo waloza chinthu chenicheni. Koma iwe mtsikana, ndiyambe ndi kukuwongolera pamenepo: kuchepa kwa bala kusakunamize, njira imeneyi ndi imodzi mwa zitalizitali mu udokotala monse.

Nayi mmene imachitikira. Dokotala amaboola kabowo kakang'ono pa mtsempha wa magazi wa m'mphechepeche kapena wa pamkono pomwe timavala wotchi paja, n'kulowetsa kapaipi kowonda kofewa kotchedwa katheta. Kapaipi kameneka kamakwera m'kati mwa mtsempha, kudutsa mu mtsempha waukulu wochokera ku mtima, kukwera m'khosi mpaka kukafika m'mutu, ndipo dokotalayo sakukaona ndi maso ayi, akuyang'ana pa sikirini ya X-ray basi. Ndinalowapo m'chipinda chotere kamodzi ngati mlendo, anandiveka chovala cholemera cha mtovu chotchinga ma radiation, ndipo chomwe sindidzaiwala ndi zala za dokotalayo. Thupi lonse lili duu, phazi lili pa pedulo yoyatsira X-ray, maso ali pa sikirini, zala ziwiri zokha ndi zimene zikupotokola kawaya pang'onopang'ono, akakankha pang'ono n'kubweza, akakankhanso, m'chipinda monse muli zii. Atatulutsa magazi oundana amene anatseka mtsemphawo anawaika pa kansalu koyera, kanthu kakuda kakang'ono kosafika n'kachikhadabo komwe, koma ndi kamene kanalanda munthu wamkulu mkono ndi mawu.

Zimenezi sizinabwere tsiku limodzi. Mu 1927 dokotala wa ku Portugal, Egas Moniz, ndi amene anayamba kujambula mitsempha ya mu ubongo poika mankhwala ooneka pa X-ray m'magazi. Mu 1953 Sven-Ivar Seldinger wa ku Sweden anapeza njira yolowera mu mtsempha ndi singano ndi kawaya, ndipo mpaka lero njirayo imatchedwa dzina lake, udzaimva tsiku loyamba lomwe ukadzafika pamenepo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Guido Guglielmi, dokotala wa ku Italy amene ankagwira ntchito ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, anabweretsa timawaya tofewa ta pulatinamu tolowetsa mu aneurysm. Aneurysm ndi malo amene khoma la mtsempha lafooka n'kutupa ngati kabaluni, ndipo kakaphulika munthu akhoza kufa pomwepo. Kale njira inali kutsegula chigaza n'kukapana kabaluniko pakhosi pake ndi kachitsulo, koma tsopano nthawi zambiri amangokadzaza ndi timawayato kuchokera m'kati, magazi n'kuundana momwemo, kabaluniko n'kutsekeka. Kafukufuku wamkulu wotchedwa ISAT, amene anatuluka mu 2002, anaonetsa kuti kwa odwala amene njira zonse ziwiri zikanatheka, omwe anaikidwa timawaya ankakhala bwinoko patatha chaka.

Za sitiroko zija zinasintha kwambiri mu 2015, pamene akafukufuku angapo, kuphatikizapo a MR CLEAN a ku Netherlands, anatsimikiza kuti kukoka magazi oundana mu mtsempha waukulu wa mu ubongo kumapulumutsa anthu ambiri ku kulumala. Kenako zinadzaonekanso kuti kwa odwala ena amene ma scan awo akuonetsa kuti mbali ya ubongo ikadali yamoyo, zimathandizabe mpaka maola 24. Komabe liwiro ndiye nkhani yonse, poti mtsempha waukulu ukatsekeka ubongo umataya maselo pafupifupi 1.9 miliyoni pa mphindi iliyonse. Apa ndinene mwachifatse chifukwa ndikudziwa za agogo zikukuwawa mumtima: si sitiroko iliyonse imachizika motere. Ina imabwera chifukwa mtsempha watsekeka, ina chifukwa mtsempha waphulika magazi n'kukhetsekera mu ubongo, ina ndi ya timitsempha ting'onoting'ono tosafikika ndi katheta. Ndiye usadzisenzetse mlandu woti mwina akanapulumuka.

Palinso mbali ina yosadzera m'mitsempha. Chotupa cha pa kachiwalo kotchedwa pituitary, kamene kali pansi pa ubongo, amachichotsa podzera m'mphuno ndi kakamera kowonda, kunja osaoneka chipsera chilichonse. Ana amene madzi achuluka m'mutu mpaka mutu kukula, ena amawaboolera kanjira kakang'ono m'kati mwa ubongo ndi kakamera komweko kuti madziwo azituluka okha, mmalo mowaika paipi yokhalitsa imene imakonda kutsekeka kapena kuyambitsa matenda. Njira imeneyi anaikulitsa kwambiri dokotala wa ku America, Benjamin Warf, akugwira ntchito ku Mbale ku Uganda, chifukwa ankaona kuti mwana wokhala kutali ndi chipatala paipi ikamutsekekera sangafike msanga. Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa luso linabadwira pa vuto lenileni la odwala. Kulinso makina otchedwa Gamma Knife, amene Lars Leksell anayamba kugwiritsa ntchito ku Stockholm mu 1968, dzina lokha ndiye la mpeni koma mulibe mpeni, ndi ma radiation ochokera mbali zambiri okumana pa malo amodzi.

Tsopano zaka zija, mayi. Palibe sukulu imene munthu amalowa kuchokera ku sekondale n'kuyamba kuphunzira makatheta. Choyamba ndi digiri ya udokotala, imene m'maiko ambiri imatenga zaka 5 kapena 6, kenako chaka chimodzi kapena ziwiri zogwira ntchito moyang'aniridwa. Akatero asankhe khomo limodzi mwa atatu: opaleshoni ya ubongo, radiology yomwe ndi ukatswiri wa zojambula za m'thupi, kapena neurology yomwe ndi ukatswiri wa matenda a ubongo ndi minyewa. Ku America opaleshoni ya ubongo yokha imatenga zaka 7. Pamwamba pake ndiye pamabwera chaka china kapena ziwiri zophunzira ntchito ya makatheta yeniyeniyo. Mukaphatikiza zonse mupeza zaka 12 mpaka 15, mwinanso kuposa. Chotonthoza n'chakuti akamaliza digiri yoyamba ija amakhala ali pa ntchito kale, m'malo ambiri akulandira malipiro kwinaku akuphunzira, ndiye si kuti zaka zonsezo adzakhala akudalira thumba lanu, koma fizi ya zaka zoyambazo muyambe kuiganizira panopa ndipo mufunse za ma scholarship msanga, osadikira zotsatira za mayeso.

Iwe ukhoza kufunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani zaka zonsezi pa kabowo kakang'ono chabe. N'chifukwa chakuti mitsempha ya mu ubongo ndi yopyapyala, ina m'lifupi mwake ndi mamilimita awiri kapena atatu okha, ndipo kawaya kakaboola khoma magazi amayamba kukha m'kati mwa mutu wotseka, dzanja lako silingafikepo kuti utsine. Uyenera kudziwa chochita mu masekondi ochepa, ndipo uyenera kudziwanso nthawi yonena kuti ayi, wodwala uyu njira yabwino kwa iye ndi kutsegula chigaza, kapena kusamukhudza n'komwe. Kuphunzira kukana kumeneko ndi kumene kumatenga zaka. Udziwenso kuti sitiroko siidziwa usiku kapena tchuthi, foni ikalira 2 koloko m'bandakucha uyenera kudzuka, ndipo chovala cha mtovu chija ukachivala maola angapo msana umadandaula. Za ma radiation anthu amaopseza nazo atsikana kwambiri, akuti sudzabereka, koma ogwira ntchito amatetezedwa, amavala kachipangizo koyeza kuchuluka kwa ma radiation amene alandira, ndipo akazi alipo amene akugwira ntchitoyi ali ndi ana awo. Wina asakubweze ndi nkhani imeneyo.

Chinanso chimene ndikufuna nonse awiri mumve: m'chipinda chija dokotala sanali yekha. Munali radiographer amene amayendetsa makina ojambulira, munali anamwino odziwa katheta iliyonse ndi saizi yake, munali wogonetsa odwala amene maso ake sanachoke pa BP, ndipo kuseri kuli mainjiniya a zipangizo za chipatala amene makinawo akafa ntchito yonse imaima. Wodwala akatuluka amakumana ndi a fizio ndi ophunzitsa kulankhula, omwe amakhala naye miyezi yambiri mpaka agwirenso supuni yekha. Zambiri mwa ntchito zimenezi ndi za zaka 3 kapena 4. Sindikuzitchula ngati zopepesera munthu amene walephera udokotala ayi, ndaonapo ana amene anakakamira dzina loti dokotala pomwe mtima wawo unali pa makina kapena pa kukhala pafupi ndi wodwala, ndipo zinandimvetsa chisoni kuwaona akuvutika ndi njira yosakhala yawo.

Panopa chochita ndi chapafupi. Limbikira chemistry ndi physics mofanana ndi biology, physics makamaka usainyoze chifukwa X-ray, kayendedwe ka magazi m'mitsempha ndi makina ojambula m'thupi otchedwa MRI zonsezi ndi physics. Ufufuze wekha zimene yunivesite imene ukuifuna ikufuna polowa, uziwerenge kuchokera kwa eni ake osati zongomva kwa anzako. Mayi, ngati kuli kotheka mupempheni wachipatala aliyense amene mumamudziwa kuti mwanayu akacheze naye, ngakhale ola limodzi, amufunse mmene tsiku lake limayendera komanso chimene chimamutopetsa.

Ndipo pali chimodzi chimene ungayambe lero usanalowe kalasi iliyonse ya udokotala. Phunzira zizindikiro za sitiroko n'kuphunzitsa onse a m'nyumba mwanu: nkhope kupindikira mbali imodzi, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, mawu kusokonekera. Ukaona zimenezi usamupatse chakudya kapena madzi poti akhoza kutsamwa, usadikire kuti mwina zisintha, thamangira naye kuchipatala, ndipo uyang'ane wotchi n'kusunga nthawi imene anaoneka komaliza ali bwinobwino, chifukwa akuchipatala akangomulandira adzakufunsa zimenezo.