Za breaker yomwe ikumangogwa ija

Eee, msuweni, ndaumva uthenga wako. Akuti aircon ikangoyaka pang'ono breaker, swichi yodzizimitsa yokha moto ukachuluka ija, imagwa, ndiye ugule ya ma amps angati yokulirapo. Mmm. Iwe sukufunsa za breaker ayi. Ukufuna kuzemba kulipira mmisiri poti ndalama zinathera ku chinkhoswe chija. Ndimakudziwa ine.

Ukukumbuka chigayo cha amalume ku Mitundu? Fyuzi inkangopsa, iwo n'kutenga waya wa mpanda... ayi, ndanama, unali wa kopa, anachotsa ku wailesi ya agogo ija... n'kumanga pamalo pa fyuzi. Ati, "Tione ngati chizimenso." Sichinazimedi! Chinagaya bwinobwino mpaka mota inayamba kununkha ngati tayala lopsa, azimayi ali pamzere panja ndi matumba awo. Amayi ako anakalipa, mpaka pa maliro a ku Dedza paja anali asakuyankhulana. Mpaka lero ukatchula chigayo, amalume amayamba nkhani za mitengo ya fodya ku Kanengo. Musakawauze kuti ndanena... aa, ali m'gulu momuno eti? Basi, amva. Moni amalume.

Ndimati chiyani kodi... eya. Breaker ikugwa chifukwa kompresa, makina opopa gasi ali m'chibokosi chapanja cha aircon, ikukoka moto wambiri. Kutentha kwa Okutobala kuno, fumbi la ku Area 25 limatseka tizitsulo ta chibokosi chapanja chija, mpweya wotentha sutuluka, kompresa imalemedwa. Zimitsa kaye, utsuke ndi madzi pang'onopang'ono, tizitsulo timeneti sitichedwa kupindika. Magetsi akabwera ofooka, osafika ma volts 230 paja, kompresa imakokanso kwambiri. Akazima n'kuyakanso, dikira mphindi 3 kapena 5 usanayatse. Koma ikamangong'ung'udza osazungulira, kawirikawiri ndi kapasita imeneyo, kachitini kothandiza mota kuyamba kuzungulira. Usaigwire iwe, imasunga moto ngakhale utazimitsa. Apo ndiye pofunika mmisiri, ayeze ma amps ndi mita yake, ayerekeze ndi zolembedwa pachibokosipo, aonenso ngati mawaya sanapsere polumikiza.

Ndiye breaker yokulirapo ayi, msuweni. Mawaya a m'khomamo akhala omwewo, breaker ikasiya kugwa otentha akhala iwowo, usiku inu muli mtulo. Wamva? Usasinthe breaker. Tsuka chibokosicho Loweruka, ikagwanso itana mmisiri. Breaker isiye momwe ililimo.