Akatswiri Atilamulire? Yankho kwa Mnyamata wa ku Mufakose

Mnyamata wina wa ku Mufakose, dera la muno mu Harare, amene akuphunzira za uinjiniya, wanditumizira imelo yofunsa ngati nthawi siinakwane yoti tileke zisankho, dziko liziyendetsedwa ndi akatswiri a sayansi pamodzi ndi makompyuta awo. Akuti watopa ndi andale amene amangoonekera nyengo ya kampeni. Achimwene, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa inenso ndimadyera sayansi: ntchito yanga ndi yoyeza madzi mu labotale, ndipo maganizo ngati anuwa amandifikira nthawi iliyonse ndikaona zotsatira za ntchito yathu zikunyozedwa ndi anthu osadziwa kanthu za madzi.

Kumapeto kwa chaka cha 2008, kolera atavuta muno mu Harare, ankatibweretsera mabotolo a madzi otungidwa m'zitsime za ku Budiriro ndi madera ena. Madziwo tinkawasefa pa kapepala koyera, n'kukasiya pamalo otentha usiku wonse, ndipo m'mawa tinkapeza kapepalako kali timadontho tachikasu tokhatokha, chizindikiro chakuti anthu akumwa madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'chimbudzi. Panalibe chobisika chilichonse. Zoti kolera amayenda ndi madzi zinadziwika kalekale, kuyambira pamene John Snow anafufuza pampu ina ya mu London mu 1854. Mainjiniya athu ankadziwa mapaipi ophulika, ankadziwa klorini wofunika pa madzi ochokera ku Lake Chivero, ndipo anamwino ankadziwa kuti madzi a shuga ndi mchere amapulumutsa moyo. Ngakhale zinali choncho, anthu oposa 98,000 anadwala m'dziko lonse la Zimbabwe, ndipo oposa 4,000 anamwalira. Nzeru zinalipo zokwanira. Chimene chinasowa ndi akuluakulu oopa anthu amene ankamwa madziwo. Musaiwale kuti kwa zaka zingapo mliriwu usanabuke, meya amene anthu anamusankha mu 2002 anali atachotsedwa, mzinda unkayendetsedwa ndi komiti yoikidwa ndi nduna, ndipo ntchito ya madzi inali italandidwa kukhonsolo. Mayi wa ku Budiriro analibe munthu woti amuopseze kuti chisankho chikubwerachi tidzaonana.

Mwina mudzati amenewo sanali akatswiri enieni. Ndiye ndikuuzeni za agogo anga aamuna, amene anachoka ku Thyolo m'zaka za m'ma 1950 n'kudzatchona kuno. Ankasimba za malimidwe, malamulo a atsamunda okakamiza anthu kuunda migula ndi kulima motsata zonena za alangizi pofuna kuteteza nthaka. Wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende. Alangiziwo sanali mbuli, ndipo kukokoloka kwa nthaka kunalidi koona. Koma panalibe amene anafunsa chifukwa chimene anthu anapanikizana pamapiri pamene malo achonde anali m'manja mwa eni minda ya tiyi. Agogo ankati ntchito yokumba migula inkagwera kwambiri amayi amene amuna awo anali ku ulendo, ndipo mkwiyo umenewu ndi umodzi mwa zimene zinasonkhezera zipolowe za mu 1953. Atafika kuno anapeza zomwezo. Lamulo la Native Land Husbandry Act la mu 1951 linkawerengera mwasayansi kuchuluka kwa ng'ombe zimene malo angakwanitse kudyetsa, n'kukakamiza anthu kugulitsa zotsalazo, pamene lamulo la mu 1930 linali litapereka kale pafupifupi theka la dziko kwa azungu ochepa. Masamu a ng'ombe anali olondola, koma funso la amene analanda msipu silinali m'masamumo, ndipo eni ng'ombe ambiri analibe voti yoti alifunsire.

Ife a Chichewa okhala muno nkhani yosowa voti sitiimva m'mabuku ayi. Bambo anga anabadwira ku Mbare, sukulu anaphunzira konkuno, msonkho analipira moyo wawo wonse. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwa kwa makolo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anauzidwa kuti akane unzika wa maiko amene ambiri a iwo anali asanapondeko. Tsiku la chisankho cha mu March 2002 bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi, anaima pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo atafika patebulo wina anangoyang'ana chitupa chawo n'kuwauza kuti ndinu mlendo. Anabwerera kunyumba, anapachika jeketelo kuseri kwa chitseko, ndipo tsiku limenelo nsima sanaikhudze. Patangopita zaka zitatu kunabwera Murambatsvina, chipsinjo cha boma chogwetsa nyumba ndi malo a malonda, amene anamuikira kumbuyo ponena za malamulo a kamangidwe ka mzinda ndi ukhondo, ndipo kanyumba kakuseri kamene kankatithandiza ndi lendi kanagwetsedwa. Lipoti la nthumwi ya United Nations, mayi Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena njira yopezera ndalama. Unzika wa anthu ngati bambo unadzabwezeretsedwa ndi malamulo oyendetsera dziko a mu 2013. Choncho munthu akandiuza kuti voti ndi yopanda ntchito, ndimadziwa kuti sanalandidwepo.

Ndikunena mosabisa kuti sayansi singalowe m'malo mwa demokalase, ndipo aliyense wolonjeza zimenezo akukonza ulamuliro wankhanza wovala gawuni loyera. Sayansi imatha kutiuza chimene chidzachitike tikatseka misika kwa masiku 21, monga zinachitikira kuno chifukwa cha Covid-19 kuyambira pa 30 March 2020: matenda afala pang'onopang'ono. Koma ilibe chipangizo choyezera kuti njala ya mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika ndi yopepuka kapena yolemera kuposa chiopsezo cha nkhalamba yodwala shuga. Ku Malawi, boma litalengeza zotsekera anthu m'nyumba mu April chaka chomwecho, amalonda anachita zionetsero ndipo bwalo lalikulu la milandu linaimitsa ganizolo, nkhani yaikulu ili yakuti osauka adya chiyani. Mukhoza kugwirizana ndi chigamulocho kapena kutsutsana nacho, koma funso limene linafunsidwalo linali loyenera, ndipo silikanachokera mu labotale. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chisankho, bwalo la milandu ndi nyuzipepala yomasuka ndi njira zimene wamva m'mimbayo amadziwitsira olamulira kuti mapulani awo akupweteka.

Nanga anthu akasankha molakwika?

Amalakwitsadi, ndipo nthawi zina kulakwitsako kumapha. Thabo Mbeki anakhala pulezidenti wa South Africa chipani chake chitasankhidwa ndi anthu, koma anakayikira zoti HIV ndi imene imayambitsa Edzi, boma lake n'kuchedwetsa mankhwala, ndipo ofufuza a ku Harvard anayerekeza kuti anthu oposa 330,000 anafa chifukwa cha kuchedwako. Koma taonani mmene zinakonzekera. Gulu la Treatment Action Campaign linayenda m'misewu, linatengera boma kukhoti, ndipo mu 2002 bwalo loona za malamulo a dziko linalamula kuti mankhwala a nevirapine, oteteza mwana kuti asatenge HIV kwa mayi ake, aziperekedwa kwa amayi oyembekezera. Madokotala amene ankanena zoona anali ndi poimira chifukwa dzikolo linali lomasuka. Yerekezani ndi Soviet Union, dziko limene linkadzitama kuti likulamulidwa mwasayansi. Mtsogoleri wa dzikolo, Stalin, atakonda maganizo olakwika a Trofim Lysenko pa za mbewu, akatswiri otsutsa anachotsedwa ntchito ndi kumangidwa, ndipo Nikolai Vavilov, amene anayenda maiko ambiri kusonkhanitsa mbewu zoti zithetse njala, anafera m'ndende mu 1943. Sayansi imakula ndi kutsutsana, ndipo imafota ikangopatsidwa apolisi oiteteza kwa ofunsa mafunso.

Palinso funso limene imelo yanu sinalikhudze, lakuti akatswiri olamulirawo adzawasankha ndani, ndipo akalephera adzawachotsa ndani. Ife ogwira ntchito za sayansi timasiyana maganizo, timakondera, timafuna kukwezedwa pantchito, ndipo ena mwa ife amatha kusintha manambala bwana akakwiya. Kompyuta nayo imatsata zimene yapatsidwa ndi zolinga za amene waikonza. Anthu amene sanalembedwe m'kaundula, monga zinalili ndi ambiri a ife m'mafamu ndi m'migodi, kompyutayo siingawaone n'komwe. Katswiri wa zachuma Amartya Sen anasonyeza kuti njala yaikulu yopulula anthu siichitika m'dziko limene muli zisankho zenizeni ndi atolankhani omasuka, osati chifukwa atsogoleri ake ndi anzeru kuposa ena, koma chifukwa sangathe kubisa maliro n'kukhalabe pampando.

Kutopa kwanu ndikukumvetsa, pakuti zisankho zokayikitsa zimafooketsa munthu. Koma mankhwala ake ndi kukonza zisankhozo, monga Amalawi anachitira pamene khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha mu 2019, chotchedwa cha Tippex, pa 3 February 2020, umboni wa manambala utagwira ntchito mothandiza oweruza osati mowalowa m'malo. Inu malizani uinjiniya wanu, kalembetseni m'kaundula wa voti, ndipo khonsolo ikaitanitsa msonkhano wokambirana bajeti m'dera lanu mupiteko mutanyamula miyezo ya mapaipi a ku Mufakose, mukaifotokoze m'chinenero chimene amayi a pamjigo angamve ndi kukafunsira okha khansala wawo.