Kasanka ndi ana atatu komanso apongozi: n'zotheka, koma osati momwe munaonera pa Facebook

Amayi ena a ku Chelstone andilembera imelo. Akuti anaona pa Facebook zithunzi za mabanja a ku Ulaya akuyenda wapansi m'nkhalango za m'mbali mwa nyanja, ndiye akufunsa ngati kuno ku Zambia kuli paki yotere yoti n'kupitako masukulu akatsekera mu Disembala. Ana alipo atatu, wa zaka 5, wa zaka 9 ndi wa zaka 13, ndipo apongozi awo amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Katete akuti sangatsale. Galimoto ali nayo, yokwera ndithu.

Amayi, zikomo polemba. Malo alipo. Ndi Kasanka National Park, m'boma la Chitambo, kupitirira Serenje. Ndi paki yaying'ono poyerekeza ndi Kafue kapena South Luangwa, koma muli timanyanja, madambo, mitsinje ndi nkhalango zowirira, ndipo nyanja ya Wasa ili pakhomo penipeni pa loji. Zimene mukufunazo zonse zilimo. Chimene mulibe ndi ufulu woyenda nokha.

Kumene munaona pazithunzi kuja munthu amangotsata zikwangwani, akatopa n'kukhala pabenchi. Ku Kasanka kuli njovu, kuli mvuu, kuli ng'ona. Kuyenda wapansi m'paki kumafuna sikauti wa mfuti, ndipo sikuti n'kukuvutitsani chabe. Njovu ikatulukira patsogolo, sikauti amafuna aliyense aime phee, osayankhula, osathawa, kufikira iye atanena chochita. Wa zaka 13 angathe. Wa zaka 5 adzakuwa kapena kuliyatsa liwiro, ndipo palibe angamudzudzule, ndi mwana. N'chifukwa chake ngakhale ku South Luangwa, kumene Norman Carr anayambitsa maulendo oona nyama wapansi, makampu ambiri salola ana osakwana zaka 12 kulowa nawo m'tchire. Posungitsa malo funsani msinkhu umene a ku Kasanka amalola, ndipo muwauze zaka zenizeni za ana. Osamuwonjezera zaka wa 9 uja kuti alowe nawo.

Ndiye banja ligawike, ndipo palibe vuto. Bambo ndi wamkulu apite ndi sikauti m'mawa dzuwa lisanakwere, ulendo wa maola awiri kapena atatu. Apongozi ndi ang'ono awiriwo akhale pakhonde pa Wasa Lodge, akuona mvuu zikufwenthera m'madzi ndi mbawala zotchedwa puku zikudya msipu m'mphepete. Ndikunena mosabisa: nthawi zina wokhala pakhonde amaona nyama zambiri kuposa woyenda, chifukwa nyama zimathawa fungo ndi mapazi a munthu, koma pamadzi zimabwera zokha. Woyenda amapindula zina. Amaphunzira kuwerenga mapazi pansi, kusiyanitsa ndowe, kudziwa mtengo umene njovu yasenda usiku womwewo. Mwana wa mu Lusaka amene anazolowera mapevumenti a ku Manda Hill zimenezi zimamutsegula maso.

Tsopano za Disembala wanuyo. Chimene chinatchukitsa Kasanka ndi mileme. Chaka chilichonse, kuyambira kumapeto kwa Okutobala, mileme ikuluikulu yodya zipatso imafika, yambiri kuchokera ku Congo, n'kudzazana m'kankhalango kamodzi ka pa Fibwe. Owerengera amati imatha kufika 10 miliyoni. Imabwerera masuku ndi zipatso zina zam'tchire zimene zimapsa mvula ikayamba. Masana imalendewera m'mitengo mothinana moti nthambi zina zimathyoka ndi kulemera. Dzuwa likamalowa imanyamuka yonse kukasaka chakudya, thambo n'kuda bii kwa mphindi zambiri ndithu, ndipo mbandakucha imabwerera. Ziwombankhanga ndi nkhwazi zimakhala zikudikira pamwamba kuti zitolepo. Izi mwana wa zaka 5 angazione bwinobwino popanda kuyenda mtunda, chifukwa galimoto imakufikitsani pafupi, kwatsalako n'kuyenda pang'ono ndi woperekeza.

Koma mileme siyembekezera kalendala ya sukulu. Imachuluka mu Novembala, ndipo pakati pa Disembala imayamba kuchoka. Ngati mukuifuna, nyamukani sabata yomweyo imene ana atsekera, musadikire Khrisimasi. Ndipo walira mvula walira matope. Nthawi imeneyo misewu ya m'paki imaterera, udzu watalika, udzudzu wachuluka, mwinanso mvula ingakutsekereni m'chipinda masana onse. Kuyenda wapansi kumene munafunsa kuja kumakoma kwambiri pa holide ya Ogasiti, pamene pansi pali pouma, udzu wagona, ndipo m'mawa kumazizira moti mumafuna juzi. Sankhani chimodzi: mileme ndi matope, kapena kuyenda bwino popanda mileme. Ine ndikanakhala inu, ndi ana a misinkhu imeneyo, ndikanasankha mileme. Kuyenda mungayende kwina chaka chilichonse.

Pa Fibwe pomwepo pali nsanja yomangidwa pamwamba pa mtengo waukulu wa mbawa, mamita 18 kuchokera pansi, yokwera ndi makwerero. Kumeneko ndi kumene anthu amaonera sitatunga, mbawala yamanyazi yokhala m'madambo, ya ziboda zazitali zotambasuka zimene zimaithandiza kuponda m'matope osamira. Wa zaka 13 adzafuna kukwera, mloleni ngati woperekeza wavomera. Apongozi ndi wamng'ono asayerekeze. Sitatunga amaonekanso m'mawa kuchokera pa kampu ya Pontoon, m'mbali mwa mtsinje wa Kasanka, munthu ali chiimire pansi.

Pakiyi ili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1980 nyama zinali zitatsala pang'ono kutha ndi opha mozemba. David Lloyd, amene kale anali mkulu wa boma nthawi ya atsamunda, anafikako mu 1985, n'kumva kulira kwa mfuti. Anaganiza kuti ngati anthu akuombera ndiye kuti nyama zikadalipo zoti n'kuteteza. Apo ndiye panachokera bungwe la Kasanka Trust, limene limayendetsa pakiyi mogwirizana ndi boma. Muwauze ana nkhani imeneyi m'galimoto, msewu ndi wautali.

Wautalidi. Kuchoka mu Lusaka ndi makilomita opitirira 500, kudzera Kabwe, Kapiri Mposhi, Mkushi ndi Serenje, kenako mupitirire pang'ono n'kukhotera kumanzere pa msewu wopita ku Mansa. Werengerani tsiku lathunthu. Nyamukani kusanache kuti mudutse Kabwe magalimoto asanachuluke, ndipo musayende usiku pa Great North Road, malole opita ku Nakonde saona kuti mwanyamula ana. Thirani mafuta odzaza pa Serenje. Tengani ma NRC, ziphaso zanu za unzika, chifukwa nzika zimalipira ndalama yochepa pa geti kuposa alendo akunja. Anthu a kumeneko ndi Alala, chiyankhulo chawo n'chapafupi ndi Chibemba, ndiye apongozi angavutike pang'ono pamsika, koma ana anu a mu Lusaka awamasulira.

Zovala zikhale zofiirira kapena zobiriwira mozimirira, za manja aatali. Zakuda ndi zabuluu wakuda zimaitana ntchentche za tsetse, ndipo zimaluma mopyoza malaya opyapyala. Nsapato zotseka, osati mapatapata. Mankhwala othamangitsa udzudzu, ndipo onetsetsani kuti aliyense akugona mu neti. Mwana akatentha thupi mutabwerako, ngakhale patapita sabata ziwiri, thamangirani kuchipatala mukayezetse malungo, muwauze kumene munali. Madzi a m'nyanja ndi m'mitsinje ya m'paki ndi oona ndi maso okha. Palibe kusamba, palibe kuviika miyendo, ngakhale padekhe bwanji. Ndipo usiku mwana asatuluke yekha, chifukwa mvuu zimatuluka m'madzi kukadya msipu, nthawi zina pafupi ndi zipinda.

Ngati mtima ukadali pa kuyenda nonse pamodzi popanda mfuti patsogolo, onjezani tsiku limodzi mupite ku mathithi a Kundalila, pafupi ndi Kanona, kupitirira Serenje pa Great North Road. Mtsinje wa Kaombe umagwa pamenepo mamita pafupifupi 70. Kuchoka poimika galimoto kufika poonera pamwamba ndi pafupi, njira yodutsa m'nkhalango ya miombo, ndipo apongozi angathe. Koma m'mphepete ndi phompho, wamng'ono mumugwire dzanja osamusiya. Njira yotsikira kumunsi ndi yotsetsereka kwambiri, mvula ikagwa miyala imaterera, choncho mu Disembala ndingati muonere pamwamba basi.

Kumpoto kwa Kasanka kulinso chipilala cha David Livingstone, m'dera la mfumu Chitambo, kumene anamwalirira mu 1873. Mtima wake unakwiriridwa pomwepo pansi pa mtengo, ndipo Susi ndi Chuma ndi anzawo ananyamula thupi mpaka ku Bagamoyo. Wa zaka 13 amaziwerenga kusukulu zimenezi. Msewu wake ndi wadothi, ndiye funsani a pa loji momwe ulili m'mawa womwewo musananyamuke.

Malo ogona m'nyengo ya mileme amadzaza msanga, makamaka pa Wasa. Mukachedwa mudzapeza kwatsala kampu yomanga tenti, ndipo sindikuona apongozi a ku Katete akuvomera kugona m'tenti mvula ikugwa, mvuu zikulira panja. Imbani foni msanga.